Ndinamufunditsa Mwana Mpaka Liwombo Kulowa pa Phiri la Chikala

Inu owerenga, makamaka amayi anzanga a mwana woyamba, ine ndinatsala pang'ono kutaya mwana wanga chifukwa chomuopera kwambiri. Ndikunena poyera, manyazi ake ndinathana nawo kale.

Ndimakhala ku Balaka. Nditangobereka ndinasanduka munthu woopa chilichonse: mphepo, ntchentche, ngakhale munthu woyetsemula kutsidya kwa msewu. Chibayo ndiye ndinkachiopa koposa. Mwana ali ndi miyezi isanu, anzanga amene tinali limodzi kukoleji anakonza zokakwera phiri la Chikala, kuyambira mbali ya kwa Mposa. Munali mu Okutobala. Titafika kwa Mposa, mayi anga aang'ono amene amakhala komweko anati mwana woyamwa sapita kuphiri, nditsale nawo pakhonde. Iyayi, ndinakana. Ndinali nditatopa ndi kubindikira m'nyumba, komanso ndinkafuna anzangawo aone kuti uchembere sunandisinthe.

Ndinali nditamva kuti pamwamba pamazizira. Ndiye ndinamuveka juzi, masokosi ndi chipewa chaubweya, n'kumubereka, kenako n'kumuphimba ndi shawelo mpaka kumutu. Ine mwini ndinavala kamalaya kopepuka.

Phirilo n'lokongola, zimenezo sindingabise. Tinadutsa m'nsungwi, kenako tinatulukira pa matanthwe otentha moti sungatsamirepo dzanja. Mnzathu wina, mphunzitsi, ankatifotokozera kuti miyala imeneyi kalekale inali chiphalaphala chamoto pansi pa nthaka. Ukacheuka, nyanja ya Chilwa ili mbee, madimba a mpunga ali ngati timphasa. Mwana analira kumsanaku. Ndinangomugwedeza n'kumapitirira, poopa kuchedwetsa gulu, komanso ndinkachita manyazi kutulutsa bere pamaso pa anyamata amene tinkakhala nawo m'kalasi. Patapita nthawi anangoti zii. Wina anaseka kuti mwanayu kufatsaku watengera bambo ake, osati ine. Ndinanyadira, inu owerenga. Ndinkati wagona.

Titapuma pamthunzi, mnzanga Asiyatu anafuna kujambulitsa naye. “Tawatsitsa abwanawo nawonso aone Chilwa. Wawakulunga ngati chikwatu cha fodya bwanji?”

Nditamumasula, mutu wake unangogwera chambali. Thupi linali moto, milomo yauma, maso alowa. Nditachotsa chipewa ndinapeza liwombo lalowa ngati kambale. Thewera limene ndinamumanga m'mawa linali louma gwa. Ndinamupatsa bere, manyazi onse atatha, koma sanaligwire.

Tinamuvula zonse. Asiyatu anavula mpango wake wa kumutu, umene sauvula pagulu, n'kuunyowetsa ndi madzi a m'botolo kuti tizimupukuta. Ine ndinkafinyira mkaka m'kamwa mwake pang'onopang'ono, ndikumuitana dzina. Potsika anyamata aja ankandigwira mikono pa matanthwe, mwana ndili naye pachifuwa kuti ndizimuona nkhope. Kumunsi tinapeza wa njinga yamoto amene anatithamangitsira kuchipatala chaching'ono. Anamwino anati madzi amuthera m'thupi, ndipo anamuika dilipi. Sanandikalipire. Anangoyang'ana mulu wa zovala umene unali m'manja mwa Asiyatu n'kufunsa ngati zonsezo zinali pa mwana mmodzi.

M'mawa mwake anagwira bere n'kukoka mwamphamvu mpaka ndinamva kuwawa. Ululu umenewo ndinaulandira ndi manja awiri. Lero akuthamanga, ndipo salola n'komwe chipewa.

Inu owerenga, kaoneni mapiri athu, inenso ndidzakweranso, koma mwana akadzasiya kuyamwa. Ngati muli naye kumsana padzuwa, m'vekeni monga mwavalira inuyo. Muzimutsitsa pafupipafupi, mumuyamwitse ngakhale pali amuna khumi, mugwire thewera, mupapase liwombo. Gulu lidikire. Ndipo mwana amene amalira akangosiya mwadzidzidzi, musathokoze. Imani pomwepo, mumuyang'ane kumaso.