Televizhoni ya Katoni

Masiku ano ndikalemba nkhani, ikatuluka m'magazini a anthu a kuyunivesite, palibe amandiyankha, ngakhale kutsokomola. Anzanga amadandaula nazo zimenezi. Ine ndimaseka, chifukwa ntchito yolankhula popanda kuyankhana ndinaiphunzira kalekale, mutu uli m'katoni.

Atate anali sikauti wa nyama, ndipo tinkakhala pakampu ina kufupi ndi Mfuwe. Ufulu unali udakali wakhanda. Sukulu yathu inkathera Giredi 4, ndipo wofuna kupitiriza ankayenera kukagonera ku Jumbe. Atate anali atanena kale kuti mwana wamkazi sangakagone kutali chifukwa cha mapepala. Ndinalira, ndinanyanyala chakudya, koma zonsezo zinali kutungira madzi m'dengu.

Aphunzitsi athu anachokera ku Kitwe, Chinyanja chawo chonunkha Chibemba. Iwowo ndiwo anatiuza za televizhoni: bokosi lokhala ndi munthu m'kati, wowerenga nkhani. Tinawafunsa ngati munthuyo amadya. Poona kuti sitikumvetsa, anatenga katoni ya sopo, naboola windo, namata zitsekerero za mabotolo kuti zikhale mabatani. Anati pa chikondwerero cha ufulu makolo adzaonera televizhoni, ndipo wowerenga ndidzakhala ine. Lamulo linali limodzi lokha.

“Munthu wa mu televizhoni samva,” anatero. “Wina akupatse moni, akutukwane, iwe uzingowerenga.”

Vuto linali choti ndiwerenge. Pepala lililonse lofika pakampu linkathera kupichirira fodya. Chimene chinapulumuka ndi kabuku kopyapyala konena za mvuu za mumtsinje wa Luangwa, kamene mzungu wina wofufuza anatumizira masikauti atabwerera kwawo. Atate ankakasunga m'sutikesi osakatsegula. Chingerezi chake chinali cholimba ngati chikopa cha mvuuzo. Aphunzitsi anabwereka kabukuko, nandimasulira mzere ndi mzere mpaka ndinayamba kulota mvuu.

Tsikulo kunatentha monga kumatenthera kwathu mu Okutobala. Anaika katoni pathebulo pansi pa mtengo, ine ndinagwada kumbuyo n'kulowetsa mutu. Fungo la sopo linkandiyetsemulitsa. Aphunzitsi anafotokozera anthu lamulo lija, napotoza chitsekerero chimodzi, ine ndinayamba: mzere wa Chingerezi, kenako wa Chinyanja.

Anthu anafa nako kuseka. Nditanena kuti mvuu imatuluka usiku kukadya udzu, amayi ena anakuwa, “Udzu? Nanga chimanga changa anadya ndani?” Azakhali anabwera pafupi n'kuwomba m'manja. “Mwaswera bwanji, a m'bokosi?” Pakamwa panga panayabwa. Chibadwire sindinasiyepo moni wa munthu wamkulu uli lende. Koma ndinaumitsa khosi, n'kupitiriza za ndowe za mvuu ndi nsomba zimene zimanenepa nazo.

Kenako ndinaona nsapato za Atate. Anaima patsogolo penipeni, atavala yunifolomu, manja kumbuyo. Ine sindinaleke kuwerenga.

“Aphunzitsi,” anatero Atate mokweza, “mwati uyu samva?”

“Samva, a sikauti.”

“Olo pang'ono?”

“Olo pang'ono.”

“Chabwino. Ndiye ndinene zakukhosi, pakuti mwini wake palibe.” Anatembenukira anthu. “Kabuku aka kakhala m'sutikesi mwanga ngati mwala. Lero ndi pamene ndamva kuti kamalankhula. Mwana uyu ndi wamakani, anatengera amake. Akamva kuti ndamuyamikira, m'nyumba simukhalika. Choncho musakamuuze. Koma Januwale apita ku Jumbe.”

Nthungululu zinalira. Amayi anavina mpaka chitenje chinamasuka. Ine ndinafuna kutaya katoniyo, kugwa pamapazi a Atate, kukuwa mpaka amve a kutsidya kwa mtsinje. Chimwemwe chonga chimenecho sindinachimvenso, ngakhale tsiku limene ndinaona dzina langa litasindikizidwa koyamba.

Koma aphunzitsi anali asanapotoze chitsekerero. Choncho ndinapitiriza kuwerenga za kulemera kwa mvuu yaikazi, misozi ikudontha pakabuku, mamina ali chuchuchu. Atate anasuzumira pawindo, nandiyang'ana nthawi yaitali.

“Aphunzitsi,” anatero, “zimitsani makina anuwa. Ayamba kudontha.”