Ndowa Ziwiri za Mkulu wa Mbuna

Kwa Maganga kuli mkulu wina amene amaweta nsomba za mbuna m'bokosi lagalasi pabalaza. Kale ankamira m'nyanja kugwirira tinsomba tokongolati mzungu wina wotumiza kunja, ndipo bokosilo linali mphatso yotsazikirana. M'mawa uliwonse amakatunga okha madzi a tinsombato. Ukawauza za makala osefera madzi kapena mankhwala, amangopukusa mutu. "Madzi a m'nyanja safuna dokotala," amatero.

Koma dzinja lotsatira mavoti a matipate, kolera inalowa m'mudzi. Azaumoyo anagawa klorini, ndipo akazi a mkulu uja anathira m'ndowa zonse. Mkuluyo, osadziwa, ananyamula ndowa imodzi n'kukhuthulira m'bokosi muja. Posakhalitsa mbuna zinayamba kuphiriphitha, zina n'kuyandama chagada.

Mkuluyo atanunkhiza ndowa ija, anamva fungo la klorini. "Amake Fanny, mukutimwetsa chiphe! Taonani nsombazi!" Anakweza ndowa ina kuti akataye.

"Tayani, bambo," anatero mayiwo, "koma tamverani kaye kuseriko."

Kwa aneba kunkamveka kulira. Anali maliro a mwana amene anamwa madzi omwe aja osafuna dokotala. Mkuluyo anaima ndowa ili m'manja, kenaka n'kuitula pansi pang'onopang'ono.

Lero pakhomopo pali ndowa ziwiri, ya anthu ndi ya nsomba, ndipo mkuluyo sagwira iliyonse asanainunkhize. Akamamwa madzi a klorini amatsinzina, poti anaona ndi maso awo momwe amaphera. Koma amamwa ndithu mpaka kapu iume.