Matabwa a Mayi Felista

Bambo Mailosi ndawadziwa zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo sindinawamvepo akunama. Ankasoka nsapato pa msika wa Chikwanha, komanso ndiwo ankasunga ndalama za bungwe la maliro m'dera lathu la Unit O, m'tauni ya Chitungwiza. Ana a anthu ochokera ku Malawi tilibe mudzi kuno. Ukafa, manda ndi bokosi zonse n'zogula.

Mu 2008 ndalama inkafera m'thumba, mitengo ya zinthu ikukwera tsiku ndi tsiku. Lolemba lina Mailosi anapita kwa Cyprian, kalipentala, kukafunsa mtengo wa matabwa. Zimene anthu anasonkha dzulo lake zinkakwana mabokosi awiri.

"Gulani lero, achimwene," anatero Cyprian. "Mawa ndikatchula mtengo mudzati ndine mfiti."

"Lamulo lathu limati ndalama siituluka anthu asanakumane. Tikumananso Lamlungu."

"Nhai mudhara, akuluakulu inu, lamulo lanulo mudzagonamo?"

Mailosi anaima pamenepo. Amene ankasunga ndalama iwo asanalowe anagulapo zinthu payekha, anthu n'kumukuwiza kuti wakuba mpaka anasamuka. Koma kolera inali italowa m'Chitungwiza, ndipo mayi Felista, amasiye amene sanadumphepo mwezi osasonkha, anali gone. Mailosi akamva kulira kwa azimayi chapatali, mtima unkangoti myuu, poganiza kuti mayi Felista atisiya. Komabe dzina loti wakuba analiopa kwambiri. Anabwerera ndi ndalamazo.

Sabata yonse ankalambalala shedi ya Cyprian, kuopa kumva mtengo. Lamlungu anthu anakangana mpaka dzuwa kupendeka, kenako anavomera. M'mawa mwake ndalamazo zinagula misomali yodzaza dzanja limodzi basi.

Mailosi sanatume munthu. Anapita okha kwa mayi Felista, anavula chipewa pakhomo, n'kuwauza zonse.

"Ndiye mudzandikulunga m'bulangete, bambo Mailosi?" anafunsa mayiwo. "Zaka zonsezi ndinkasonkhera bulangete?"

"Wolakwa ndine, mayi. Ndinadikira. Koma bokosi mudzagonamo, ndalumbira."

Atafika kwawo anatulutsa zovala mu wadirobu ya matabwa olimba a mukwa imene anagula chaka cha ukwati wawo. Akazi awo, a Rosina, analira, koma sanawaletse. Mailosi anaiphwasula bwinobwino, osang'amba thabwa ngakhale limodzi.

Mayi Felista anachira, ndipo lero akugulitsa tomato. Matabwa awo akadali pamitanda ya denga la Mailosi. Cyprian wawapempha kawiri kuti awagule ndi madola a ku Amerika, iwo akana. Amati ali ndi mwini wake, tsiku lake lokha ndi limene silinafike.