Njinga Yoyezera pa Mwendo Wanga

Fungo la kabaidi likandipeza, ngakhale pa Songani pamene anyamata amawotcherera zitseko, ndimaima kaye. Limandibwezera pansi pa mtengo wa mango wa Che Twaibu, pamene utsi wa milamba imene akazi awo ankawamba kuseri kwa nyumba unkasakanikirana ndi fungo la oyilo wakuda ndi la chitsulo chopsa, iwo atagwada pa chiguduli, magalasi akuda ali pamphuno, kamoto kobiriwira kakufwenthera kunsonga kwa paipi. Tinali oyandikana nyumba kwathu kwa Mwambo, kufupi ndi madambo a nyanja ya Chilwa. Iwo anali Asilamu, ife Akhristu, ndipo pakati pa mabwalo athu panali mzere wa chinangwa umene nkhuku za mbali zonse zinkaudutsa osaodira. Ana tonse tinkawaitana kuti agogo.

Che Twaibu anakhala zaka zambiri ku Joni. Ankagwira ntchito pa galaja ya munthu wina amene ankagula njinga zamoto zampikisano zochita ngozi, zija wokwera amagonera pathanki ngati chule. Ankazidula, kuzitalikitsa, mpaka kutulukamo njinga ina yaitali, yotsika, ya mahandulo okwera m'mwamba, imene munthu amakhalapo chotsamira, miyendo atatambasulira kutsogolo. Dzina lake ankati chopa. Anzawo pobwerera kumudzi ankabwera ndi malata ndi mawailesi. Iwo anabwera ndi mabokosi atatu a zitsulo: injini yokalika mbali imodzi, matayala awiri osiyana kunenepa, tcheni, ndi felemu yopindika. Akazi awo, Abiti Jali, anatsegula bokosi loyamba akuyembekeza kupezamo mapoto, ndipo nkhaniyo sanaitaye mpaka kukalamba.

"Anzanga analandira zitenje," ankatero akutembenuza nsomba pawaya, "ine ndinalandira mafupa a njinga."

Zaka zitatu zathunthu agogo anali pansi pa mango paja. Foloko yakutsogolo anaitalikitsa ndi mapaipi a mjigo wakufa. Thanki anaisula okha ndi nyundo, ikumveka nge! nge! nge! kuyambira nkhuku zitangotsika, mpaka inaoneka ngati dontho la madzi lolendewera ku tsamba la nthochi. Mpando anaukuta ndi chikopa cha mbuzi, ndipo unali umodzi wokha.

"Nanga ine ndizikhala pati?" Abiti Jali anawafunsa tsiku lina.

"Chopa ndi ya munthu mmodzi, Abiti, ngati manda."

"Ndiye mukalowemo nokha."

Ine ndinkaziona zonsezi chifukwa ndinalibe kothamangira. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi bondo langa lakumanja linatupa n'kuchita mafinya, ndinagona miyezi kuchipatala ku Zomba, ndipo pochira mwendo unauma chowongoka ngati munsi. Mpaka lero supinda. Anzanga akapita kudambo kukatola nkhono, ine ndinkadutsa mzere wa chinangwa uja ndi ndodo yanga n'kukakhala pa muzu wa mango, kumawerenga mokweza chilichonse chimene ndinali nacho. Tsiku lina ndinawawerengera agogo m'Baibulo za chigwa chodzaza mafupa ouma amene analumikizana fupa ku fupa linzake n'kuimirira. Anakweza magalasi awo pamphumi n'kundiyang'ana.

"Zili mmenemo zimenezo? Ndiye pemphera, Edina mwanangu, anga awa nawonso adzuke."

Anadzukadi. Tsiku limene injini inalira koyamba, mbuzi za bambo zinadula zingwe.

Chaka chomwecho ndinakhoza mayeso a Sitandade 8 ndipo ndinasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera. Malo ogona kunalibe, ndipo munthu wa miyendo iwiri yabwino ankayenda maola awiri kuti akafike. Bambo anga, a Namakhwa, anayesa kundikweza pa kaliyala ya njinga yawo yakapalasa. Ndikakhala chammbali, mwendo unkatulukira panja n'kumamweta tchire ndi kugunda anthu. Ndikakhala chotangadza, chidendene chinkakhukhuluzika pansi. Titayesa katatu, bambo anatsamiritsa njinga pakhoma. Anali mkulu wa mpingo, munthu wosalankhula zambiri, ndipo ankandikonda. Anati, "Edina, Mulungu wakupatsa mutu, koma njira sanakupatse. Ukhale, uziwathandiza amayi ako." Kunali kutatsala masabata awiri kuti sukulu itsegulidwe.

M'mawa wotsatira ndinali pakhonde ndikupeta mpunga pamene Che Twaibu anafika ndi bango lalitali m'manja. Sanapereke ndi moni yemwe. Anangoti, "Tambasula mwendowo," n'kugwada, kuligoneka bangolo kuyambira m'chiuno mpaka kuchidendene, akung'ung'udza okha. Nthawi yomweyo bambo anatulukira kuchokera kudimba, khasu lili paphewa.

"Che Twaibu!" Mawu awo anali otsika, ndipo ndinadziwa kuti zaipa. "Uyu ndi mwana wamkazi wotha msinkhu. Bango limenelo likufuna chiyani pa mwendo wake?"

Agogo anayang'ana bango, anayang'ana ine, kenako anadzuka ngati apsa. Munthu amene sankapereka dzanja kwa mkazi wamwini, nkhope yake inagwa.

"Pepani, achimwene. Ndalakwa kwambiri. Mutu wanga unali pa felemu, sindinaone munthu, ndinangoona muyeso."

"Muyeso wa chiyani?"

Agogo anangobwerera kwawo bango lili m'manja. Patapita kanthawi kunabwera Abiti Jali ndi bango lomwelo, anapempha bwinobwino kwa amayi, n'kundilowetsa m'nyumba.

"Tambasula, mama," anatero akudula bangolo ndi mpeni polekezera chidendene. "Uli ndi mwayi iwe. Ine zaka zonsezi sanandiyezepo ngakhale chala."

Masana ake tinamva sowo ya zitsulo ikulira. Nditafika pansi pa mango, ndinapeza njinga ija ili zidutswa ziwiri, yodulidwa pakati penipeni kumbuyo kwa mpando wa chikopa cha mbuzi. Ndinkadziwa masiku amene anathera pa felemu imeneyo, akuiwongola ndi moto, akuipala ndi sandipepala mpaka zala kutuluka magazi. Misozi inangoyamba yokha.

"Agogo, mwaiononga."

"Chitsulo sichilira, mwanangu. Ukulira ndiwe. Khala apo, undiwerengere zina."

Masiku khumi anaitalikitsa njinga ija. Anaika mpando wachiwiri wokhala ndi chotsamira. Paipi ya utsi, imene inali kumanja, anaisamutsira kumanzere kuti isandiwotche. Mbali yakumanjayo anawotchererako chitsulo chachitali chokhala ngati kangalande, chofanana ndendende ndi bango lija, kuti mwendo wanga uzigonamo chowongoka, kudutsa pambali pa woyendetsa mpaka pansi pa thanki. Kukongola kuja kunatha. Anyamata a kudoko la kunyanja anayamba kuitchula kuti bwato la pamtunda.

Koma bambo anakana. "Mwana wanga sangakwere chinthu chowotcherera pansi pa mango," anatero. "Akagwa athyoke mwendo wotsalawo, ndidzamuuza chiyani Mulungu?" Amayi anangofunsa kamodzi, "Ndiye adzakalambire pakhonde pano ndi lichero?"

Lamulungu lomaliza sukulu isanatsegulidwe, tikuchokera kutchalitchi, iwo akuyenda pang'onopang'ono kuti ndisatsalire, ndinalimba mtima.

"Bambo, mwezi watha munatiphunzitsa za anthu anayi aja amene anasasula denga kuti atsitse mnzawo wopuwala pamaso pa Ambuye. Munati anachita bwino."

"Ndinatero."

"Iwo aja anasasula denga lamwini. Agogo adula njinga yawo yomwe."

Titadutsa mjigo, bambo anati, "Mawa lokha. Ine ndikhala pambuyo panu pa njinga yanga. Mukangogwa, nkhani yatha, ndipo usadzandifunsenso."

Mvula inali itayamba kale, ndipo minda ya mpunga inali yodzaza madzi. Ndinavala yunifomu yatsopano, makope ndinawakulunga m'jumbo, Abiti Jali anandithandiza kugoneka mwendo m'kangalande kaja, ndipo unakwana ngati anaumbira momwemo. Agogo anati bisimila, ine ndinati m'dzina la Ambuye, injini inabangula. Kwa nthawi yoyamba chiumireni mwendo wanga, ndinaona mitengo ikundithawa. Mphepo inkalowa m'kamwa chifukwa ndinalephera kutseka, ndinkangoseka, akakowa akuuluka mbali zonse ziwiri, fungo la matope ndi la petulo likundimenya kumaso.

Njira yathu inkadutsa pamwamba pa mkumbira wopapatiza pakati pa minda ya mpunga, ndipo pa malo ena, pamene pali chipata cha simenti chotsekera madzi, imakhota mwadzidzidzi ngati chigongono. Njinga yakapalasa inkakhota bwino. Ngakhale chopa ija isanadulidwe inkakhotapo movutikira. Koma tsopano inali itatalika ndi mwendo wanga wonse. Agogo anachepetsa liwiro, anapinda mahandulo mpaka polekezera, tayala lakutsogolo linafika m'mphepete, lakumbuyo lisanayambe n'komwe kukhota. Dothi lonyowa linagumuka. Tinapendekeka pang'onopang'ono, ngati ng'ombe yofuna kugona, n'kugwera m'munda wa mpunga, phava!

Madzi anali ofika m'chiuno ndikakhala pansi. Sindinavulale paliponse. Amayi amene ankaokera mpunga chapafupi anathamanga, ndipo ataona kuti tili moyo anayamba kuseka mpaka kugwirana mapewa. Agogo anakhala m'matope, kofia yawo ikuyandama pambali, akuyang'ana ngodya ija.

"Ndinayeza mwendo," anatero mwakachetechete, "njira sindinaiyeze."

Ndinamva buleki ya njinga ya bambo ikulira pamkumbira. Mawu awo adzulo anali akadali m'makutu mwanga. Sindinalire, sindinapemphe kanthu. Ndinangozindikira kuti manja anga onse awiri ali m'mwamba, atagwira jumbo ya makope kuti isanyowe, ndipo ndinali ndisanawatsitse chigwereni.

Bambo analowa m'madzi, anandinyamula n'kundikhazika pa simenti, anagwiragwira mwendo wabwino, kenako wouma, kufuna pothyoka. Anayang'ana yunifomu yamatope. Anayang'ana jumbo youma. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapinda buluku lawo, ngakhale linali litanyowa kale, n'kutembenukira kwa agogo.

"Che Twaibu, mukhala m'madzimo mpaka mpunga uche? Gwirani kutsogoloko."

Anaikoka awiriwo, amayi aja akukankha kumbuyo, mpaka inakwera pamkumbira. Agogo anagwira mahandulo, bambo anagwira chitsulo chakumbuyo, anakokera mpweya, ananyamula tayala lonenepa lija n'kulisunthira mbali kawiri, katatu, mpaka njinga inaloza kusukulu. Injini inatsokomola, inalavula madzi, pa ulendo wachisanu inalira. Bambo anapukuta manja pa malaya.

"Pobwerera mudutsa pano nthawi yanji?"

Ndinafika kusukulu tsiku loyamba ndili matope kuyambira m'khosi, belu litalira kale, ndipo aphunzitsi anandilembetsa dzina ndili ndi makope ouma.

Ngodya ija sikanatheka kuikuza chifukwa simentiyo inali ya alimi onse. Choncho kwa zaka zinayi, m'mawa ndi masana, bambo ankasiya khasu n'kukatidikira pa chipata cha madzi. Ine ndinkatsika n'kuima ndi ndodo, amuna awiriwo n'kuinyamula njinga, wina wa kofia, wina wa chipewa chamlaza, akunyozana.

"Achimwene, mwayamba kukalamba, lero mwainyamula kanayi."

"Mukanapanga njinga osati mlatho, bwenzi ndikupuma."

Lachisanu ndinkadikira pakhonde la kalasi mpaka agogo atatuluka kumzikiti, ndipo bambo ankadziwa kuti tsiku limenelo afike mochedwerapo. Za petulo ankakambirana okha awiri, ine sindinauzidwepo. Agogo akadwala malungo, ndinkajomba, koma sizinachitike kawirikawiri. Ndinamva kuti munthu wina wa m'tauni anaiona njingayo pamsika, anafuna kuigula ngati atachotsa kangalande kaja n'kuifupikitsanso. Agogo anamuyankha kuti eni ake sanamalize sukulu.

Onse awiri anatisiya tsopano, bambo poyamba, agogo patapita mvula ziwiri. Mayi wina wa kumpingo kwathu anandifunsapo chifukwa chimene ndimatchulira dzina la Msilamu ndikamapereka umboni wothokoza. Ndinamuuza kuti kuweruza ndi kwa Mwini wake, koma ine ndikudziwa kuti pamene ndinapempha njira, Ambuye anaituma kudzera mbali ina ya mzere wa chinangwa, ndipo sindingabise dzanja limene Iwo anagwiritsa ntchito.

Lero ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya pulaimale kwa Kuntumanji. Mwana akasowa m'kalasi sabata yathunthu, aphunzitsi anzanga amafuna kulemba kalata yoitana makolo. Ine ndimawauza kuti adikire kaye. Ndimatenga ndodo yanga, kupita mpaka pakhomo pa mwanayo, n'kuiyenda ndekha njira yake yonse kubwerera kusukulu, ndikukoka mwendo wangawu, kuti ndione ndi maso anga pamene pakumukanika. Mwezi wathawu panali pa kamtsinje kamene mtengo wowolokera unakokoloka, ndipo kamtsikana kamene kankajombako ndi kakafupi, sikakanatha kuwoloka. Loweruka lake ndinapitako ndi abambo atatu ndi nkhwangwa kukaikapo mtengo wina. Lolemba kanali pa mzere wakutsogolo, kakuimba mokweza kuposa onse.