Ba Idris ndi Kabowo ka pa Laputopu

Ku komboni ya George anthu sanaiwale tsiku limene ba Idris, telala wa pafupi ndi potunga madzi, anathawa ndi mutu wa makina osokera n'kukadzitsekera m'chimbudzi cha eni ake. Anali ataona amuna anayi a yunifolomu, n'kuyesa ndi a khonsolo. Chonsecho anali oimba malipenga a kutchalitchi, ofuna kusoketsa mabatani. Ba Idris anatuluka patatha ola, akuti m'mimba ndi momwe munavuta.

Munthuyu ngwamantha chibadwire. Bambo awo anachokera ku Mangochi, iwo anakulira pa makina momwe muno. Salaula, zovala za kaunjika, itadzaza tauni anasiya kusoka masuti, n'kuyamba kuchepetsa mathalauza a azungu onenepa. Amaopa agalu ndi mawaya, koma koposa zonse mphemvu, zimene zinawaonongera wailesi ziwiri. Chiyambire pamenepo, kabowo kalikonse pa chinthu cha magetsi amakamata ndi phula la kandulo.

Mwana wawo Jasmin anapeza mwamuna, Tahir, wogwira ntchito ku Joni. Amalume a mnyamatayo anati sakwera basi masiku awiri asanaone nkhope ya bambo wa mtsikana ndi kumva pakamwa pake kuti wavomera. Lamya anaikana, ati aliyense angathe kuyankhula ngati mdala. Felistus, neba wogwira ntchito mu ofesi, anabwereka laputopu ya kuntchito kuti aonerane pa intaneti, n'kuisiya kwa ba Idris Loweruka m'mawa. Iwo anaiunguza uku ndi uku, anapeza kabowo pamwamba pa galasi, anadonthezapo phula n'kusalaza ndi chala.

Masana pagalasi panaoneka nkhope zitatu zandevu za akwawo a Tahir. Salamu yawo inamveka bwinobwino. Ba Idris anayankha, koma a ku Joni anangoti duu, akuona pakamwa pokha pakugwedera.

Felistus anakweza mawu a laputopu. Anazimitsa n'kuyatsanso. Anazula kachipangizo ka intaneti n'kubwezera. Kenako anatsegula pamene pamayesedwa maikolofoni, n'kuwaonetsa kamzere koyenera kudumpha munthu akayankhula. Ba Idris anatsokomola, anaitana dzina lawo lomwe, kamzere kali gone. Anayesa kugwedeza mutu kuti avomera, koma amalume wamkulu anati mutu si mawu, mboni ziyenera kumva.

"Ngati mdala sakufuna, tisamukakamize," anatero, akuyang'ana wotchi.

Jasmin, ataima pakhomo, anaphimba nkhope ndi mpango. Felistus ankapapasa m'mbali mwa galasi akung'ung'udza kuti mawu amalowera pa kabowo kakang'ono, nanga kapita kuti. Kunena, ba Idris ankaopa Felistus, amene akakalipa amamveka mpaka ku komboni ya Matero. Kukhala chete, ukwati wa mwana unali kupita akuona. Ku Joni wina anali atayamba kale kuimirira.

"Felistus, mwanangu," ananong'ona, "kabowo nakatseka ndine."

Anasolola singano pa kolala. Anatokosa pang'onopang'ono, kaphula kanagwa, kamzere kanadumpha. Ba Idris anakuwa katatu kuti avomera, mokweza moti amalume anabwerera m'mbuyo ndi mpando womwe. Tsiku lobwera analipangana pomwepo.

Felistus anatseka laputopu, anaipukuta ndi chitenje, n'kuikumbatira.

"Ba Idris, imwe ni ba telala chabe. Vinthu va benangu muzivisiya mwamene mwavipezela."