Zidutswa za Mkuwa m'Munda wa Azakhali

Ndikukumbukira chaka chomwe mvula inagumula mizere ya chinangwa kumunda kwa azakhali Asiyatu, kumtunda kwa boma la Nkhotakota. Zaka zanga musandifunse, ine sukulu ndinkangoidutsa panja, koma ndowa ndinkasenzabe yosadzaza. Amayi anali atakwatiwanso, tinachoka ku Benga n'kudzakhala kwa bambo ondipeza, ndipo pamudzipo tinali titangoonapo mvula ziwiri.

Lolemba lina azakhaliwo, mlongo wawo wa bambo, akukonza mizere ija, khasu linalira kuti ngwee! Anafukula zidutswa zisanu za chitsulo, zobiriwira ngati ndere, china chopindika ngati chala cha nkhalamba. Mwana wawo anali chigonere ndi malungo, ndiye nkhani sinachedwe kupsa. "Alamu, mankhwala awa mwakwirira ndinu," anatero kwa amayi, anthu akumva. "Lachisanu amuna akatuluka kumzikiti, mupinde mphasa yanu mubwerere ku Benga." Bambo anayang'ana pansi ngati ataya singano.

Zidutswazo palibe ankafuna kuzikhudza. Ine ndinazitola n'kuzimanga pansonga ya chitenje. Luso langa linali limodzi, kukwecha mapoto, choncho ndinati ndikaziyeretsa aliyense aona kuti n'chiyani. Ndinatenga chachikulu, mchenga ndi phulusa, n'kukwecha mpaka zala kusupuka. Chinawala mofiirira ngati uchi. Ndinathamanga nacho monyada, koma azakhali anangowomba m'manja: "Mwaona? N'chatsopano ichi! Chakwiriridwa dzanadzanali!" Mlandu wa amayi ndinali nditaukuza ndekha, ndi manja angawa.

Sindinalire ayi. Kutacha ndinauyamba wapansi kupita kwa a Fundi Selemani, mkulu wokhoma ndowa ndi nyale za koloboyi pafupi ndi msika. Nditawafotokozera mlandu wa amayi, chowala chija anachinunkhiza, n'kuchigogoda padzino lawo lakutsogolo, lomwe linali limodzi lokha. "Mkuwa wakale uwu. Wakwecha ndani?" Ndinadziloza pachifuwa. "Iwe mwana, wakwecha mboni ya amako! Kubiriwiraku sikubwera ndi mvula ziwiri. Zinayi zatsalazi zisaonenso mchenga."

Anandilangiza zochita. Kuviika bwemba m'madzi, kudonthezera madziwo ndi nthenga ya nkhuku mbali imodzi yokha, kudikira, kenako kutokosa dothi ndi munga wa mthethe pang'onopang'ono n'kutsukuluza. Mbali inayo kuisiya ndi dzimbiri lake. Masiku awiri athunthu ndinakhala kuseri kwa khola la mbuzi, msana ukuwawa, malovu ali njo m'kamwa chifukwa cha fungo la bwemba. Anzanga ankandiitana ku fulaye, ine osacheuka. Ndikasuzumira m'nyumba ndinkaona amayi akulongedza miphika yawo m'dengu, ndiye ndinkabwerera kukathyola munga wina.

Lachinayi masana panayamba kuoneka timizere, kenako timaluwa tozokota, tolukanalukana. Nditayandikizitsa zidutswa ziwiri, duwa la uku linakumana ndi phesi la uko. Chopindika chija chinali ndi bowo. Nditauzira munatuluka dothi ndi nyerere yakufa, dothilo n'kundilowa m'maso, koma ndinaseka ndekha ngati wamisala, mbuzi zikundiyang'ana.

Lachisanu a Fundi anabwera kuchokera kumzikiti ali ndi kanzu yawo yoyera. Anayala zidutswazo pamphasa, n'kuthira madzi m'chopindikacho, madzi kutulukira kunsonga kuti chuu. "Uwu ndi mlomo wa birika," anauza anthu, "ketulo yomwe amalonda akale a pazombo za panyanja ankasambitsira alendo m'manja. Agogo anga anali nayo yotere." Kenako anatembenuza chidutswa china n'kupatsa azakhali mpeni kuti apale dzimbirilo. Anapala, anapala, mpeni kumangoterera. "Mayi uyu wabwera dzana," anatero a Fundi, akuloza amayi. "Dzimbiri ili ndi lalikulu kwa inu ndi ine."

Azakhali sanapepese, sanali munthu wake. Mwana wawo atachira kuchipatala, anangobwera ndi mbale ya usipa n'kuisiya pakhomo pathu. Nthawi imeneyo n'kuti miphika ya amayi itabwerera kale pamafuwa.

Masiku ano zinthu zinasintha, anzanga. Kuli waya wa kusitolo wokwechera, chilichonse chiwale basi, ndipo anthu amayenda ndi sikelo panjinga kugula zitsulo zakale osafunsa n'komwe kuti chinali chiyani. Anafikapo pano, ndinawabweza. Mpongozi wanganso tsiku lina anatenga mlomo wa birika uja pakabati, akuti ukuchititsa manyazi alendo akabwera, aukweche. Ndi miyendo yangayi, ndinamupeza asanafike pamtsuko. Mbali yamaluwayo ndi yokongola, sindikukana. Koma yomwe inatisunga pamudzi pano ndi yobiriwirayo.