Mapeyala a Kumutu kwa Léonie

Firmin Vialatte wakhala akukumba manda kuno kwathu, kumtunda kwa tauni ya Ambert, chiyambire unyamata wake. Khonsolo inagula makina okumbira, koma iye akuti makina sadziwa ulemu, ndiye m'mbali mwa dzenje amasalazabe yekha ndi fosholo. Ndi munthu wabwino, zimenezo sindikana. Sanatukwanepo munthu, sanaledzerepo pagulu. Koma zikhadabo zake! Dothi la m'menemo silituluka ngakhale pa Khirisimasi, ndipo ine ndikaona dzanja limenelo likunyema buledi, njala imandithera pomwepo.

Mkazi wake Léonie anali mnzanga wa ponda apa nane ndipondepo. Atamwalira, Firmin anamuika pakona, pafupi ndi khoma lowomba dzuwa, ndipo kumutu kwa manda anabzalako mtengo wa mapeyala. Malamulo salola, koma wosunga malamulo kumandako ndi yemweyo. Anayala nthambi zake pakhoma ndi waya, mtengo n'kunenepa kuposa uliwonse m'mudzi muno. Chifukwa chake musandifunse. Aliyense akudziwa kumene mizu yake imadya.

Mapeyala ake ndi olimba aja, abale ake a maapozi, a khosi lalitali ndi tinjere takuda pakati, osalumika aawisi. Amawathyola masamba akayamba kuyoyoka, n'kuwagoneka pa udzu wouma m'chipinda chapansi mpaka afeweko. Pakamveka phwando, kaya ubatizo kaya chaka chatsopano, amawadula pakati, n'kukolowola pamtima ndi supuni, n'kutsenderamo tchizi chathu cha chuku chija ndi chala chachikulu. Pamwamba uchi ndi timtedza tosinja, kenako mu uvuni. Ndi mmene Léonie ankapangira zotsegulira kukamwa alendo akabwera. Tchizi chimenecho ine ndimadya, ndine wa konkuno, koma chikatentha pa mapeyala a Firmin chimandinunkhira ngati masokosi onyowa.

Ife a m'mudzi tinapeza nzeru kalekale. Umatenga limodzi, n'kunena kuti "zikomo a Firmin", n'kulikulunga m'kapepala, n'kuliponya m'chikwama. Miphika ya maluwa ya m'holo yathu yadya mapeyala ambiri kuposa anthu. Thireyi ikabwerera yopanda kanthu, Firmin amapita kumanda kukauza mkazi wake kuti anthu amaliza onse. Panalibe wolimba mtima woti amuuze zoona.

Mwana wawo ndi mmodzi yekha, Maryse, amene amagwira ntchito mumzinda wa Lyon. Chaka chatha anapeza mwamuna kumeneko, dzina lake Thibaut Perrachon, ndipo chinkhoswe anati chichitikire kwathu kuno. Loweruka lake ndinali kwa Firmin ndikusita nsalu zoyala patebulo, pamene Maryse anaona mapeyala atandandalikidwa kukhitchini.

"Ababa, ndapota nanu, mawa mapeyala ayi."

"Ayi bwanji? Mayi ako asapezekepo pa chinkhoswe cha mwana wawo?"

"Amayi anamwalira, ababa. Uja ndi mtengo."

"Mtengo wa ndani?" anatero Firmin. "Chiyambire kubereka, iwe sunalaweko n'kamodzi komwe. Ukuyesa sindiona? Mawa lokha udye limodzi, pamaso pa apongozi ako. Sindikupemphanso china."

Maryse ananditembenukira. "Anti Ginette, tawauzani inu."

"A Firmin," ndinatero, "anthu a m'tauni mimba zawo n'zanthete."

"Zikhwimira konkuno," anayankha akuseka, supuni ili kale m'manja.

Lamlungu masana holo inadzaza. Maryse anali ataitanitsa tizakudya ta m'sitolo, tating'onoting'ono tobaya pa timitengo. Vinyo atangoyamba kuyenda, chitseko chinatseguka, Firmin n'kulowa atavala suti yake ya pamaliro, thireyi ikufuka nthunzi. Fungo linatsogola. Ife eni mudzi manja anapita okha ku timapepala tathu.

Koma mlendo sadziwa kumene kuli dzenje. Mayi Perrachon, mayi ake a mnyamata, munthu wamtali wa mkanda wonyezimira, anatenga limodzi n'kuluma. Anatsinzina. Anatenga lachiwiri, tchizi chikuyenderera pachibwano, akunyambita zala chimodzichimodzi. Amuna awo nawo anatenga awiri nthawi imodzi.

"Koma asewere, izi ndiye zakudya!" anatero Mayi Perrachon kukamwa kutadzaza. "Mapeyala oterewa mumagula kuti?"

"Ndi a kumunda, amayi," Maryse analowerera msangamsanga. "Tiyeni mudzaone keke."

"Kumunda kwa ndani, iwe?" anatero Firmin, nkhope ikuwala ndi kunyada. "Ndi a kumutu kwa mkazi wanga, asewere. Mtengo uli pamanda pake penipeni. Chaka chino wabereka mpaka waya kuduka."

Mayi Perrachon anayasama, zotafunatafuna zija n'kugwera pansalu yoyera imene ine ndinasita. Anayamba kupala lilime ndi mphepete mwa nsaluyo. Amuna awo anachukucha vinyo n'kulavulira m'mbale ya mtedza. Azakhali ena a mnyamata anathamangira kuchimbudzi, ndipo tonse tinamva zimene zinkachitika kumeneko.

Ndinanyansidwa nawo, ndinene zoona. Pakamwa pomwepo pamene pankayamikira, tsopano malovu bwanji? Koma anzanga a m'mudzi anandinyansa koposa. Anakwinya nkhope ngati akumva nkhaniyi koyamba, zikwama zawo zikudontha uchi. Raymond wophika buledi ankanjenjemera ndi chiseko kuseri kwa chipewa, akunong'oneza mnzake kuti, "Léonie ulendo wa ku Lyon waupeza waulere, m'mimba mwa alendo." Thibaut, mkamwini wathu, anangoima akuyang'ana nsapato zake.

Firmin sanayang'ane aliyense wa iwo. Anayenda ndi thireyi yake mpaka pamene panaima mwana wake.

"Limodzi lokha, mwana wanga. Ndakusankhira laling'onoli."

"Chotsani zinthu zanuzi, ababa."

"Maryse."

"Zikundinyansa! Zakhala zikundinyansa chiyambire! Ndipo palibe amene amadya, mukumva? Funsani aliyense muno. Amataya, ababa, amakwirira m'maluwa!"

Firmin anatembenuka pang'onopang'ono, akuyang'ana anthu amene anawakwiririra makolo awo. Aliyense anazyolika. Thireyi inapendekeka, mapeyala akutsetserekera mbali imodzi. Kenako maso ake anandipeza, ndipo anabwera.

"A Ginette, inu munali mnzake," anatero chapansipansi. "Mwanayu akungolankhula ndi mkwiyo, eti? Inu mumadya."

Ndikanatani? Ndinatenga. Linali litayamba kuzizira, loterera, tchizi chitaundana ndi mafuta pamwamba. Ndinaluma. Ndinkaona khoma lija, ndi mizu ikutsikira kumene ndinaponyako dothi ndi dzanja langa. Nseru inakwera mpaka kukamwa, ine n'kuibweza. Ndinatafuna, holo yonse ikundiyang'ana, ndipo pomeza misozi inatuluka yokha, ya munthu wolimbana ndi masanzi.

Firmin anayang'anitsitsa misozi imeneyo, nayenso maso ake n'kulengeza.

"Waona, Maryse? Anti ako amukumbuka," anatero. Anandisendezera thireyi pafupi ndi chifuwa. "Tenganinso lina, a Ginette. Atsala ambiri."